Ng'ombe Zinayi Pakati pa Nyimbo za Kwaya

Anthu akamayamikira pulogalamu yatsopano imene boma linatiikira m'makompyuta, ine ndimangovomera. Ndi yabwinodi, sindikana. Siigwidwa ndi mavairasi, siizimazima, ndiponso sititukwana kuti sitinalipire. Koma musamandiuze kuti palibe amene anapwetekedwa nayo pobwera pake. Ine ndikumudziwa munthu amene inamulanda ng'ombe zinayi, ndipo dzanja langa linali momwemo.

Ndagwira ntchito yotayipa pa kaofesi koona za ziweto kuno kuchigwa kuyambira nthawi ya makina a riboni, aja oti ukalakwitsa chilembo chimodzi umayambanso pepala lonse. Ofesi yake ndi zipinda ziwiri za malata, china cha a bwana, china changa pamodzi ndi zigubu za mankhwala a nkhupakupa ndi njinga za alangizi. Kompyuta inali imodzi. Miyezi yotentha inkangozima yokha masana, ndiye tinaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi, ine n'kumaikupiza ndi katoni ngati mwana wa malungo.

Pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, ija imadzuka ukangoyatsa n'kunyamula zina zonse, inali ya kampani ya kunja, yofunika kulipira. Yathuyo anagula ndani? Kaya. M'mawa uliwonse pakona pa sikirini pankatuluka mawu a Chingerezi otiuza kuti tikugwiritsa ntchito chinthu chakuba. Ndinazolowera, ndinkangoiyankha kuti, "Ndamva achimwene, mukauze a kulikulu." Za mavairasi ndiye musachite kufunsa. Mlangizi akangobaya fulashi yake, mafayilo ankasanduka makoko, dzina lilipo koma ukatsegula mulibe kanthu. Ndinalira nayo kangapo konse kompyuta imene ija. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndine nkhalamba yodana ndi zatsopano.

Tsono kuti mumvetse chimene chinachitika, muyenera kudziwa kaye za kuikiza ng'ombe. Kwathu kuno munthu wochenjera saonetsa ng'ombe zake pakhomo. Ukangomanga khola, abale ayambapo: mwana wa mkulu wako akufuna kulowola, kwa amalume kwagwa maliro, uyu wadwala, uyu ali ndi mlandu, ndipo maso onse ali pa khola lako. Ukakana ati ndiwe mfiti, ukalola utsala ndi mitengo ya khola yokha. Ndiye munthu amagula ng'ombe mwakachetechete n'kukaziika m'khola la mnzake wokhulupirika kumudzi kwina. Wosungayo amadya mkaka, amathira ndowe kumunda, ndipo pa ana obadwa amagawiridwako. Pa katemera ng'ombezo zimalembedwa m'dzina la mwini khola. Mwini weniweni amangodutsa pa njinga, kuziyang'ana cham'mbali, osaima n'komwe. Kale zonsezi zinkatheka ndi pakamwa pokha, koma masiku ano anthu aphunzira kuiwala.

Tsiku lina alangizi onse atapita kumidzi, kunabwera bambo wina wa kwa Tengani, mlimi wa thonje, wamfupi, wolankhula motsitsa mawu ngati m'nyumba mwagona mwana. Anabwera ndi mnzake wamtali, woseka ndi aliyense, mwini khola lalikulu kutsidya kwa msewu. Bambo wathonjeyo anayang'ana kaye pakhomo, kenako anati, "Mayi, ndaikiza ng'ombe zinayi kwa achimwene angawa. Sindikuwakayikira ayi, koma imfa siuza. Mungatilembere kapepala?"

Sinali ntchito ya boma, ndikudziwa. Koma ndinalemba. Yofiira yothyoka nyanga yakumanzere, yakuda ya chipumi choyera, ndi ziwiri zamawangamawanga. Ndinasindikiza mapepala awiri, onse anadinda zala zawo ndi inki ya chidindo cha muofesi, aliyense n'kutenga lake. Asanatuluke ndinatenga kamera imene tinkajambulira ziweto zodwala, ndinajambula pepala limodzi, chithunzicho n'kuchilowetsa m'kompyuta. Wamtali uja anaseka nati, "Mayi awa ndi osamala kuposa a khoti."

Wathonje uja anatsalira pang'ono mnzake atatuluka. Anati, "Koma mayi, asaone munthu. Akudziwa ndi akazi anga okha. Ng'ombezi ndi za sukulu ya mwana wanga wamkazi, mutu wake ndi wakuthwa. Abale anga akangomva, zatha."

Apa ndiye panali vuto. Kompyuta imodzi, manja ogwira ambiri. Alangizi ankatsegula foda iliyonse, ndipo ena mwa iwo anakwatira kwa Tengani komweko, pakamwa pawo posatseka. Koma panali malo amodzi amene palibe ankawayandikira. Ine ndine wa kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, ndipo m'kompyutamo ndinali ndi foda ya nyimbo za kwaya zimene ndinkaimba nazo potayipa. Anzanga anatopa nazo mpaka ankati akaona dzina la fodayo ankatembenuza nkhope. Ndiye chithunzi chija ndinachipatsa dzina ngati la nyimbo ya pamaliro n'kuchiponya pakati pa nyimbo zinzake. Ndinadziyamikira ndekha tsiku limenelo, ndinkadziona ngati munthu wanzeru kwambiri.

Mbiri inayenda mwa kunong'onezana. Anabweranso abambo ena angapo, awiriawiri, ndipo nyimbo zanga za pamaliro zinachuluka. Ndinkatero ndi mtima wabwino, sindinalandirepo kanthu koposa masau ndi dzungu.

Kenako kunabwera madzi aja amene anagwetsa nyumba zambiri kumunsiku. Ya bambo wathonje inagwa nawo, ndipo pepala lake, limene ankalisunga m'chitini cha pansi pa bedi, linapita ndi madzi. Anabwera kuofesi atavala malaya opatsidwa, n'kundifunsa ndi maso okha. Ndinatsegula nyimbo ija, anaona chala chake ndi cha mnzake, anapuma mpweya wautali n'kubwerera. Sindinamuonenso. Chaka chotsatira ndinangomva kuti chifuwa chamutenga.

Mkazi wake anafika Lolemba lina m'mawa, atavala mpango wakuda, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anayenda wapansi kuchokera kwa Tengani. Anagwada pakhomo pa chipinda changa, ine ndinamudzutsa n'kumupatsa mpando. Ankalankhula Chisena chosakaniza, mawu ake ochepa. Anati mwana uja wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Anati anapita kwa mwini khola kukapempha ng'ombe imodzi yokha kuti agulitse, koma bamboyo anangomufunsa kuti akunena ng'ombe ziti.

Ndinati, "Mayi, khalani pompo." Ndinatseka chitseko, ndinatsegula foda ya kwaya, ndipo chithunzi chija chinadzaza sikirini yonse. Mayiyo sadziwa kuwerenga, koma anayandikira n'kuloza chidindo chimodzi. Anati, "Ichi n'chala cha bambo a kwathu. Chinali ndi chipsera cha chikwakwa." Analoza molondola, mzere wa chipseracho unkaoneka. Anachigwira pagalasipo ndi chala chake n'kukhala choncho kanthawi.

Nanga bwanji sindinamupatse pepalalo pomwepo? Funso limenelo ndadzifunsa mpaka latopa nane. Purinta yathu inalibe inki mwezi wachitatu. Ine foni yanga ndi ya mabatani, yosajambula. Kamera ya ofesi inali itapita ndi mlangizi kumidzi. Ndinati titengere pa fulashi tikasindikize pa sitolo ya pamsika, koma mayiyo anapukusa mutu mwamphamvu. Anati pakhonde la sitoloyo ndi pamene alamu ake amaswera akuchita bawo, ndipo mwini sitolo amawerenga pepala lililonse mokweza. Alamuwo anali atatenga kale njinga ndi malata amene anatsala, akanamva za ng'ombe akanafika kukhola iye asanafike. Iye ankangofuna kupita yekha kwa mwini khola, pepala lili m'manja, amuonetse chala chake.

Ndinati, "Musadandaule mayi. A bwana akupita kuboma Lachitatu, abwera ndi inki. Mubwere Lachinayi m'mawa, mupeza pepala lanu lili m'envulopu. Apa silingasowe, lakhalapo zaka." Ndinalankhula modzitama, ndikugogoda pa kompyutayo ndi chala. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo mwambiwo ndinaudziwa kuyambira ndili mwana.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'thireyi ya a bwana munali kalata yochokera kulikulu, imene inafika masabata angapo m'mbuyomo. Ndinadzaiwerenga zonse zitatha, ili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pakati. Inkanena kuti maofesi athu asiya pulogalamu yolipira ija n'kuyamba yaulere, yoti aliyense angathe kuona m'mene inapangidwira n'kuikonza. Inkanena kuti kubwera katswiri adzafufute zonse m'makompyuta n'kuika yatsopanoyo. Inkanenanso momveka bwino kuti wogwira ntchito aliyense aike zofunika zake mu foda imodzi, chifukwa nyimbo, mafilimu ndi zithunzi za eni sizidzasamutsidwa. Kalata yabwino, yolembedwa ndi munthu woganiza. Koma m'maofesi mwathu kalata yolowa amawerenga ndi bwana. Wotayipa amangoona zotuluka.

Nkhani ya pulogalamu yaulereyo ndinali nditaimvapo pa wailesi, ati maboma ena akutero kuti asamangodalira makampani a kunja. Ndinati zabwino zimenezo, atipumitse ku chitukwano cha m'mawa chija. Sindinkadziwa kuti kusintha pulogalamu ndi kusesa nyumba yonse. Ndinkayesa kuli ngati kusintha riboni.

Lachiwiri cha m'ma teni, galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa nimu. Munatuluka katswiri uja, bambo wa zaka zapakati, waulemu, atanyamula chikwama chakuda, thukuta lili kamukamu chifukwa sanazolowere dzuwa lathu. A bwana anamulandira ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, alendo achoka kutali. Tawaonereni chakudya."

Ndi mmene timachitira. Mlendo wa kulikulu akafika, mzimayi wa muofesi, kaya ndi wotayipa kaya ndi wa digiri, amasanduka wophika. Palibe lamulo lolembedwa, koma yesani kukana muone. Ndinafunsa kuti, "Bwana, nanga kompyuta akuitani?" Anandiyankha akuyang'ana kwina, "Akungoikamo pulogalamu yatsopano. Inu za ukatswiri zisiyeni, kathamangireni nsomba zisanathe."

Ndinapita. Ndinasankha makakana akuluakulu pamsika, ndinakangana ndi wogulitsa, ndinagula tomato ndi anyezi. Nyumba yanga ili kuseri kwa ofesi, mtunda woti munthu akaitana ndimamva. Ndinakhala pamenepo maola awiri ndikupala nsomba, ndikukazinga, ndikupeta mpunga, ndikuimba. Kuimba ndithu. Palibe amene anandiitana, ngakhale kuti pa anthu onse a pamalopo, amene ankadziwa za m'kompyutamo ndinali ine ndekha.

Nditalowa ndi mbale, ndinaona sikirini yasintha mtundu. Zithunzi zing'onozing'ono zija zinali zachilendo, zitasanjidwa mbali ina. Katswiriyo anamwetulira nati, "Mayi, tsopano mupuma. Iyi siigwidwa matenda wamba, ndipo palibe adzakuvutitseni za layisensi. Mafayilo anu onse a ntchito ndasamutsa, ndawerenga limodzilimodzi ndi a bwana. Makalata, malipoti, kaundula wa katemera, zonse zili apa."

Ndinathira madzi m'beseni kuti asambe m'manja, maso anga ali pa sikirini. Ndinafunafuna dzina la foda yanga. Panalibe. Koma mlendo anali atayamba kale kudya, a bwana ali pambali pake akumufotokozera za nkhupakupa. Kwathu mlendo sumufunsa milandu chakudya chili m'kamwa. Ndiye ndinaima pakhoma ndi jagi m'manja, ndikumuonerera akuchotsa minga imodziimodzi, akuyamikira kuti nsomba za kuchigwa n'zokoma. Sindinaonepo munthu wodya pang'onopang'ono chotero.

Atasamba m'manja, a bwana anatuluka kukalankhula ndi dalaivala. Ndinayandikira n'kunong'ona, "Bambo, munali foda ya nyimbo za kwaya."

Anati, "Eya, ndinaiona. Ndinawafunsa a bwana, anati zimenezo fufutani, zimangodzaza malo ndi kusokosa. Pepani mayi, kalata inatero. Koma nyimbo mupeza zina kwa anzanu a kwaya."

Ndinati, "Simunali nyimbo zokha."

Anandiyang'ana, ndipo ndinamuuza zonse mwachidule. Kunena zoona, munthuyo nkhope inagwa. Anakhalanso pansi, anatulutsa kachipangizo m'chikwama, anayesa izi ndi izi kwa theka la ola, dalaivala akuliza hutala panja. Pomaliza anavula magalasi nati, "Mayi, pulogalamu yatsopano yakhala pamwamba pa malo omwewo. Mukanandiuza m'mawa, inali ntchito ya mphindi imodzi. Bwanji simunandiuze?"

Ndinati, "Ndinali kokuphikirani."

Katswiriyo anatseka chikwama chake. Anali ndi maofesi ena atatu oti afike dzuwa lisanalowe. Anandigwira dzanja, anapepesanso, n'kukwera galimoto. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Akatero amanena moyamikira, koma ine kalumoko ndinakaona kakumeta.

A bwana ndinawalowera m'chipinda mwawo tsiku lomwelo, ulemu nditausiya pakhomo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandionetsere kalata. Anayamba ndi kundiuza kuti nditsitse mawu. Nditawauza chimene chinali m'fodamo, ndi pamene anawongoka pampando. Anati, "Ndiye kuti mwakhala mukulemba mapangano a anthu pa katundu wa boma popanda chilolezo changa? Mukudziwa kuti zimenezo zikhoza kukuchotsani ntchito? Ine sindinamve kanthu, inunso simunanene kanthu." Basi mlandu unatembenuka, wolakwa ndinakhala ine. Ndipo chondiwawa kwambiri n'chakuti mbali ina sankanama. Ndinabisa chinthu bwino kwambiri mpaka wochipulumutsa sanachizindikire.

Lachitatu a bwana anapitadi kuboma, n'kubwera ndi inki. Anaiika pa tebulo langa monyadira.

Lachinayi mayi uja anafika dzuwa lisanakwere, atasenza kadengu ka ufa wa mchewere. Anakatsitsa pamapazi anga nati ndi kanga. Ndinamukhazika pampando womwe uja. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndinene, koma onse anathawa. Ndinangomuuza kuti kunabwera anthu a kulikulu, anasintha za m'kati mwa makina, ndipo chithunzi chija chafufutika.

Anayang'ana kompyutayo. Inali yomweyo, pa njerwa zake zomwezo, ndi chigamba chomwecho pambali. Anati, "Koma si iyi? Tsegulani pomwe munatsegula paja."

Ndinatsegula kuti aone yekha. Ndinamuonetsa foda iliyonse, imodziimodzi, ngati kuti akanatha kuwerenga. Pomaliza anafunsa m'Chisena chake, "Nkhabe?"

Ndinati, "Palibe, mayi."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena kunditukwana, ndikanapeza pogwira. Anangokonza mpango wake nati, "Munati silingasowe." Ananena mofatsa, ngati akundikumbutsa chinthu chimene ndaiwala pamsika.

Ndinamuuza kuti mawu a pepalalo ndikuwakumbukira onse, ndikhoza kuwatayipanso pompano, inki ilipo. Anandifunsa kuti, "Nanga chala?" Chala chimodzi chinali m'manda, china chinali kwa munthu amene sakanadindanso. Ufa uja ndinamuuza kuti abwerere nawo, koma anakana. Anati anandisinjira ine.

Loweruka ndinakwera kabaza mpaka kwa Tengani, ndinamutenga mayiyo, tinapita limodzi kwa mwini khola. Ndinati ngati pepala palibe, pakamwa panga palipo, ndinaona ndi maso angawa. Bamboyo anatilandira bwino zedi. Anatiyalira mphasa pamthunzi, anatuma akazi ake kuti atipatse chambiko, mkaka wowawasa uja. Kuseri kwake, m'khola, yofiira yothyoka nyanga ija inali itagona ikubzikula.

Ndinalankhula zonse, tsiku lake, mawu ake, ngakhale nthabwala yake ija yoti ndine wosamala kuposa a khoti. Anamvetsera akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Kenako anati, "Mayi, malemu anali mnzanga wa pamtima, ndinanyamula nawo bokosi. Kuofesi kwanu ndimabweradi kawirikawiri, mwina mwasokoneza ndi tsiku lina, anthu mumaona ambiri. Koma inu ndinu a boma. M'kaundula wanu wa katemera, ng'ombe za m'khola muno zalembedwa m'dzina la ndani?"

Kaundula ameneyo ndi amene katswiri uja anamusamutsa mosamala, osataya ndi mzere umodzi womwe. Ndipo dzina la bamboyo ndinalitayipa ndine, chaka ndi chaka, monga mwambo wathu unkafunira. Bodza lija tinagwirizana tonse linapulumuka, choonadi n'kupita ndi nyimbo.

Ndinakwiya, ndinayamba kukweza mawu, ndinamuuza kuti Mulungu akuona. Iye sanakwiye. Anatembenukira kwa mayi wamasiyeyo nati, "Alamu, ngati mtima wanu sukukhutira, tiitane abale a malemu, tikhale pabwalo, aliyense amve. Ine sindikana." Ankadziwa chimene akuchita. Pabwalo, ngakhale akanagonja, ng'ombezo zikanapita kwa abale a mwamuna, mayiyo n'kutsala ndi dzina loti anabisa chuma cha malemu. Mayiyo anaimirira, anakutumula chitenje chake nati, "Tiyeni, mayi." Chambiko chija sanachikhudze. Ine ndinali nditamwako kale pofika, ludzu la panjira.

Mwana uja ku sekondale sanapite. Ndinayesa kufunsa kutchalitchi, amayi a kwaya anasonkha kangachepe, koma sikanafike ngakhale pa matiresi ndi yunifolomu. Ndinamuonapo kamodzi pamsika akugulitsa masau m'timilu, wamtali, wa maso a bambo ake. Anandipatsa moni mwaulemu. Sindikudziwa ngati amadziwa kuti ndine ndani. Chaka chisanathe ndinamva kuti wakwatiwa cha ku minda ya nzimbe.

Abambo ena aja amene ndinawasungira mapepala ndinawafunafuna mmodzimmodzi n'kuwauza. Amene onse awiri anali moyo anabwera kudzadindanso, ena mokondwa, ena mokokedwa. Tsopano ndimasindikiza atatu, limodzi ndimasunga m'chitini kudenga kwanga. Nzeru zimenezi zinabwera mochedwa, ndikanadziwa ndikanaphika therere.

Pulogalamu yatsopano ndinaiphunzira msanga, kuposa alangizi amene ankandiseka. Kompyuta yokalamba ija inakhala ngati yabadwanso. Imadzuka msanga, siitentha ngati kale, fulashi ya aliyense imalowa popanda mantha. A bwana analembera kulikulu lipoti loti kusinthaku kwayenda bwino popanda chotayika chilichonse. Ndinalitayipa ndine.

Sindidana ndi katswiri uja, anachita zimene anatumidwa ndipo anafunsa. Amene analemba kalata kulikulu anaganiza bwino, kungoti sankadziwa kuti kuno chinthu cha mtengo wapatali sitichiika pamalo olembedwa kuti zofunika. Koma a bwana sindinawakhululukire, ndipo ndikunena poyera. Mawu atatu okha akanakwanira, "Mayi, taonani kalatayi." Ndiponso sindinadzikhululukire ndekha. Lolemba lija ndikanatha kubwereka foni ya mphunzitsi wa pafupi, ndikanatha kukwera minibasi kukasindikiza kutali kumene kulibe alamu a munthu. Ndinali ndi tsiku lathunthu, ndinalidya ndi kudzitama.

Thonje litagulidwa chaka chotsatira, bambo wamtali uja analowa muofesi m'mawa wina, atavala malaya atsopano, akuseka ndi aliyense monga mwa masiku onse. Ankafuna chilolezo chotengera ng'ombe kumsika wa ku Bangula. Mlangizi anali ataziyendera kale, zinali zabwinobwino, a bwana anali atavomera. Chinatsala n'kutayipa.

Anakhala pampando womwe uja. Ndinatsegula fomu. Ndinafunsa kuti ng'ombe zingati, anati zinayi. Ndinafunsa maonekedwe ake, ngakhale ndinkawadziwa, chifukwa ndinkafuna anene ndi pakamwa pake. Ananena osaphethira. Yofiira yothyoka nyanga yakumanzere, yakuda ya chipumi choyera, ndi ziwiri zamawangamawanga. Pamzere wa mwini wake zala zanga zinaima. Ndinamuyang'ana, iye anandiyang'ana, a bwana anakhosomola m'chipinda mwawo. Ndinatayipa dzina lake.

Purinta inatulutsa pepalalo kamodzi n'kamodzi, loyera, zilembo zakuda bii. A bwana anasaina, ine ndinadinda chidindo. Bamboyo analiyang'ana nati, "Makina anu masiku ano ndi achangu, mayi."

Ndinati, "Ndi achangu, bambo."

Analipinda kanayi, analilowetsa m'thumba la malaya, anamanga batani n'kusisitapo ndi dzanja kuti atsimikize. Pepala limeneli ndiye analisamala.